Kalata ya mayuro 75 ya ku Paris: yambani mwaona kuti ndi yamtundu wanji

Achemwali, mwati mwalandira kalata yoti mulipire mayuro 75 chifukwa choimika galimoto mumsewu ku Paris, chonsecho tsikulo munalipira pafoni, ndiye mukufunsa ngati mungolipira, mukane, kapena mungoisiya iziziralire yokha. Zoisiyazo iwalani. Ndaona ena akuuzani kale kuti "musalipire, mukalipira ndiye kuti mwavomera mlandu". Akunena zoona, koma pa kalata yamtundu wina, osati yanuyi. Ku France makalata a zoimika galimoto alipo awiri, ndipo malamulo ake ndi otembenuzana.

Onani pamwamba pa pepalalo. Ngati palembedwa kuti forfait de post-stationnement, kapena FPS, si mlandu wapolisi ayi. Kuyambira pa 1 January 2018, kusalipira malo oimikapo galimoto anakuchotsa m'gulu la milandu, n'kukusandutsa ngongole imene muli nayo kukhonsolo ya mzinda. N'chifukwa chake mzinda uliwonse umaika mtengo wakewake. Ku Paris ndi mayuro 75 m'zigawo zapakati, kuyambira 1 mpaka 11, ndi mayuro 50 m'zigawo 12 mpaka 20. Magalimoto olemera kwambiri a anthu osakhala m'deralo anawakwezera mtengo kuwirikiza katatu kuyambira October 2024, anthu a mumzindawo ataponya voti mu February chaka chomwecho. Ndiye ndi 75 yanuyo, ndikuganiza kuti ndi FPS.

Pa FPS kulipira sikukutsekerani njira yodandaula. Muli ndi miyezi itatu yoti mulipire, ndipo dandaulo lanu siliimitsa miyezi imeneyi. Ikangotha musanalipire, amawonjezerapo ndalama zosachepera mayuro 50, ndiye 75 ija yasanduka 125. Mukapitirizabe kugona, a zamisonkho ali ndi mphamvu yokatapa ndalamazo ku akaunti yanu, banki nayo n'kudulapo zake. Maganizo anga ndi akuti tumizani dandaulo sabata ino, ndipo ngati miyezi itatu ikuyandikira nkhani isanathe, lipirani. Mukapambana amakubwezerani, ngakhale kuti kubwezako amakuchita mwaulesi.

Koma tsiku loopsa kwambiri si la miyezi itatulo. Dandaulo loyamba, limene amalitcha RAPO, liyenera kupita pasanathe mwezi umodzi chilandirireni kalatayo, ndipo simungalidumphe n'kuthamangira kukhoti. Ambiri amagwa apa. Amaona miyezi itatu yolipirira, amati nthawi ilipo, pofika poti alembe apeza chitseko chatsekedwa kale. Kuti musavutike ndi kuwerengera, yambirani pa tsiku lolembedwa pakalatapo. Komwe mungatumize kwalembedwa pa kalata yomweyo. Ku Paris mukhoza kuchita pa intaneti, ndipo sungani uthenga wosonyeza kuti alandira. Ngati mukufuna positi, itumizeni ngati lettre recommandée avec accusé de réception, ija amasainira polandira. Kalata wamba ya sitampa musayese, mawa adzati sanaione.

Muikemo kope la kalata ya FPS yonse, kope la carte grise, imene ndi bulubuku ya galimoto kunoko, ndi umboni wanu. Pepala limodzi likasowa, dandaulo likhoza kukanidwa asanawerenge n'komwe zimene mwalemba. Lembani m'Chifalansa, mizere yochepa: nambala ya FPS, tsiku, ola, msewu, ndi chifukwa chimodzi chomveka. Nkhani zoti munali ndi mwana wodwala kapena simunaone chikwangwani sizithandiza, wowerengayo akufuna lisiti.

Tsopano lisitilo liyang'anitsitseni musanalitumize, chifukwa nkhani yanu yagona pamenepo. Tsegulani PayByPhone kapena pulogalamu imene munalipirira, mukopere lisiti lenileni, osati uthenga wa kubanki wokha. Muone nambala ya galimoto imene munalemba, chigawo chimene munasankha, ndi ola limene nthawi yanu inathera, kenako mufananize ndi ola lili pa FPS. Masiku ano ku Paris si munthu woyenda pansi yekha amene amayendera. Pali magalimoto okhala ndi makamera amene amangodutsa mumsewu akuwerenga manambala, n'kumafunsa kompyuta ngati nambalayo yalipira. Mukalakwitsa chilembo chimodzi, kapena foni ikalipirira galimoto yakale imene munaisunga mu pulogalamuyo, kompyuta imati simunalipire. Kulakwitsa nambala sikukugwetsani: makhoti a kuno anagamula kale kuti munthu amene waonetsa kuti analipiradi sayenera kulipitsidwa FPS chifukwa cha chilembo. Koma ngati munalipira mtengo wa chigawo chotchipa muli m'chigawo chodula, kapena nthawi inatha mphindi zingapo asanadutse, pamenepo nkhani yalimba. Chimene mungaonetsetse n'chakuti achotsapo zimene munalipira kale ngati lamulo likulola.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa. Makamera aja amalakwitsa malo. Galimoto ikhoza kukhala mbali ina ya msewu, kapena pamalo osalipiritsa, makina n'kuiika pena. Pa 18 November 2024 khoti lalikulu loona za boma, Conseil d'État, linanena kuti khonsolo ndi imene iyenera kutsimikiza ndi zithunzi kuti galimoto inalidi pamalo alembawo, osati mwini galimoto kuvutika kutsimikiza kuti sanali pamenepo. Choncho ngati adiresi ili pakalatapo sikugwirizana ndi pomwe munaima, nenani zimenezo momveka ndipo pemphani zithunzi.

Mukatumiza, iwo ali ndi mwezi umodzi woti ayankhe. Akakhala chete mwezi wonse, musasangalale, kunoko kukhala chete kumeneko ndi kukana. Kuchokera pamenepo muli ndi mwezi winanso umodzi wopita kukhoti la nkhani zimenezi, limene lili ku Limoges ndipo limaweruza za dziko lonse. Kale linkatchedwa CCSP, kuyambira January 2025 ndi Tribunal du stationnement payant. Musaope dzinalo. Simukwera sitima kupita ku Limoges, zonse zimayenda pa mapepala kapena pa intaneti, ndipo loya si wokakamiza. Poyamba ankafuna kuti munthu alipire kaye asanakasume kumeneko, koma Conseil constitutionnel, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, inathetsa zimenezo pa 9 September 2020. Kungoti milandu ndi yambiri, yankho limachedwa kwabasi.

Nanga aja akuti musalipire? Iwo akunena za avis de contravention, chindapusa chenicheni cha kuimika polakwika. Kuima potsekereza ena ndi mayuro 35. Kuima pamalo a anthu olumala, powolokera anthu kapena panjira ya njinga ndi mayuro 135, ndipo galimoto ikhoza kukokedwa kupita ku fourrière, kosungirako magalimoto ogwidwa. Pa kalata imeneyi mukalipira ndiye kuti mwavomera, nkhani yathera pomwepo. Wofuna kukana salipira, amadandaula pasanathe masiku 45 kudzera pa tsamba la ANTAI, bungwe la boma loona za zindapusa. Akachedwa, 35 imakhala 75, ndipo 135 imakhala 375. Mwaona kuti 75 ikupezekanso uku? N'chifukwa chake ndikuti werengani mutu wa kalatayo, musangodalira nambala.

Simunanene ngati galimotoyo ndi yanu. FPS imatsata dzina lili pa carte grise, ndipo simungaikankhire kwa amene ankayendetsa ngati mmene zimakhalira ndi chindapusa cha liwiro. Ngati ndi yobwereka kwa mnzanu, dandaulo lipite m'dzina lake kapena akulembereni chilolezo. Ngati ndi yahayala, kampani imalipira n'kudula pa khadi lanu pamodzi ndi kandalama kawo ka ntchito, ndiye muwaumirize akupatseni kope la kalatayo msanga mwezi usanathe. Amene munasamuka nyumba, sinthani adiresi pa carte grise, lamulo limapereka mwezi umodzi. Makalata amapita kunyumba yakale, inu n'kudzadzidzimuka ndalama zitachoka kubanki.

Ndipo ngati mwalandiranso uthenga wa SMS woti dinani apa mulipire chindapusa lero lomwe, amenewo ndi akuba, ANTAI situmiza mauthenga otero. FPS imalipiridwa pa stationnement.gouv.fr, ndi nambala ili pakalata yanu. Chifalansa chikakuvutani, pitani kwa nthumwi ya Défenseur des droits (ofesi yoteteza ufulu wa anthu) ya m'dera lanu, amathandiza ulere. Kapena jambulani tsamba loyambalo, mubise dzina, adiresi ndi nambala ya galimoto, muike pano tione limodzi kuti mwezi wanu ukutha liti.