Yankho kwa azakhali pa za maliro a anthu a m'chombo cha Challenger

Azakhali, ndamva funso lanu pa kanema amene waikidwa m'gulu muno, loti kodi anthu amene anali m'chombo chija anaikidwa m'manda, kapena abale awo analira maliro opanda mtembo. Chombocho ndi Challenger, chombo chopita kuthambo cha dziko la America, ndipo chinasweka pa 28 Januwale 1986, patangopita masekondi 73 chinyamukire ku Florida. Munali anthu asanu ndi awiri, ndipo palibe amene anapulumuka. Mmodzi wa iwo, mayi Christa McAuliffe, anali mphunzitsi wa ku sekondale amene anasankhidwa pakati pa aphunzitsi oposa 11,000 kuti akaphunzitse ana ali kuthambo. N'chifukwa chake ana ambiri anaona ngoziyo pa wailesi yakanema ali kusukulu, pamene makolo a mayiyo anali pabwalo pomwepo, maso ali kumwamba.

Mwambo wokhuza malirowo unachitikira ku Houston patapita masiku atatu, Pulezidenti Ronald Reagan ali pomwepo, koma nthawiyo matupi anali asanapezeke. Chipinda chimene anthuwo anakhalamo chinapezeka pansi pa nyanja ya Atlantic m'mwezi wa Malichi, ndipo akatswiri atamaliza ntchito yozindikira matupiwo, mabanja anapatsidwa abale awo. Mayi McAuliffe anakaikidwa ku Concord kumene ankaphunzitsa, a Ellison Onizuka, amenenso anali m'chombomo, anakagona kwawo ku Hawaii, ndipo zotsala zimene sizinadziwike kuti ndi za ndani zinaikidwa pamodzi ku manda a asilikali a Arlington m'mwezi wa Meyi. Choncho manda alipo, ngakhale kuti anamfedwa anadikira miyezi itatu yathunthu, zimene inu mukudziwa kuti n'zowawa kwambiri.

Chimene chimandipweteka mtima ine n'chakuti imfa imeneyi inali yopeweka. M'mawa wa tsikulo kunazizira kwambiri, ndipo mphira wotseka polumikizira roketi ya kumanja, imodzi mwa maroketi awiri okankhira chombocho m'mwamba, unauma gwa, moti mpweya wamoto unapeza potulukira n'kuyamba kuotcha thanki yaikulu ya mafuta. Usiku woti mawa anyamuka, mainjiniya a kampani imene inapanga maroketiwo, kuphatikizapo Roger Boisjoly, anachenjeza kuti ulendowo uimitsidwe, koma akuluakulu anagwirizana zoti upitirire. Pa nthawi ya kafukufuku, wasayansi Richard Feynman anatenga kachidutswa ka mphira womwewo, n'kukapana ndi kachitsulo, n'kukaviika m'kapu ya madzi oundana pamaso pa anthu onse. Atakamasula, sikanabwerere msanga mmene kanalili. Mabanja amene anali akadali pa chisoni anamva motero kuti chenjezo linaperekedwa koma silinamveredwe, ndipo bungwe la NASA, loyang'anira maulendo a kuthambo ku America, linaimitsa maulendo a zombo zoterezi mpaka mu Seputembala 1988.