Bokosi lowala limene agogo anaona

FUNSO: Akonzi, agogo anga aakazi, amene anakulira kufupi ndi Domasi, ankatiuza kuti ali mtsikana kunkabwera azungu ndi bokosi lowala limene linkaonetsa anthu ndi nyama pansalu usiku, ndipo kuti ena ankathawa. Kodi bokosilo linali chiyani, nanga n'zoona kuti makolo athu ankaliyesa matsenga? Ndine mayi wa ku Chinamwali, Zomba.

YANKHO: Mayi, zimene agogo anu anakusimbirani si nthano ayi. Ngati zithunzizo zinali zosayenda, ndiye kuti anaona chipangizo chimene Angelezi ankachitcha magic lantern, chomwe chinayamba kupangidwa ku Ulaya cha m'ma 1659, ndipo amene amatchulidwa kuti anachiyambitsa ndi Christiaan Huygens wa ku Netherlands. Linali bokosi lamalata kapena lamatabwa lokhala ndi nyali m'kati, kachumuni kotulutsira utsi pamwamba, ndi magalasi okulitsa zinthu kutsogolo. Woonetsa ankalowetsa kagalasi kathyathyathya kojambulidwa chithunzi pakati pa nyaliyo ndi magalasiwo, ndipo chithunzi chosaposa chikhato cha dzanja chinkaonekera pansalu yoyera chitatalika ngati munthu. Popeza nyali ya mafuta siwala kwambiri, chionetsero chinkadikira kuti kude kaye, ndipo munthu mmodzi amatha kusenza zonsezi paulendo.

Amishonale ankachikonda chifukwa chinkasonkhanitsa anthu amene sakanabwera kudzamva ulaliki wokha. David Livingstone anali nacho pa ulendo wake wopita ku Luanda, ndipo mu 1854 anachionetsa kwa Mfumu Shinte ya Alunda, kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi. Chithunzi choyamba chinali cha Abrahamu atasamula mpeni pa mwana wake Isake. Amayi anamvetsera nkhaniyo mwakachetechete, koma pamene Livingstone ankasolola kagalasiko, mpeni uja unaoneka ngati ukulunjika kwa iwo, ndipo anabalalika akukuwa. Anthu ambiri pofotokoza nkhaniyi amalekera pomwepa, chonsecho pali mbali ina imene ine ndimaiona kuti ndiyo yofunika: Shinte sanasunthe pamene anakhala, ndipo chionetsero chitatha anapita kukaliyang'anitsitsa bokosilo kuti aone mmene likugwirira ntchito.

N'chifukwa chake sindivomereza zoti makolo athu ankathawa chifukwa cha umbuli. Munthu aliyense amene waona mpeni waukulu ukuyenda mumdima kwa nthawi yoyamba ayenera kudzidzimuka. Ngakhale ku Paris komwe, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1790, anthu ankagwidwa ndi mantha pa zionetsero za munthu wina wotchedwa Robertson, amene ankabisa chipangizo chomwechi kuseri kwa nsalu n'kumachikankha pa mateyala kuti mizukwa yojambula ioneke ngati ikuyandikira. Kusiyana kwake n'kwakuti mantha a ku Paris analembedwa ngati zosangalatsa, pamene a kuno analembedwa ngati umboni wakuti Mwafirika ndi mwana.

Koma ngati zithunzi zimene agogo anaona zinkayenda, ndiye kuti anali kanema wa pa lole, amene anabwera pambuyo pake. Kanema anayamba kuonetsedwa ku Paris mu 1895, ndipo pofika 1896 anali atafika kale ku Johannesburg. Kuyambira 1935 mpaka 1937, ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yotsogoleredwa ndi Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, inapanga mafilimu 35 ku Tanganyika, ndipo lole yake inazungulira nawo m'maiko angapo kuphatikizapo Nyasaland. Mafilimuwo analibe mawu awoawo, choncho mawu ankachokera pa mbale za galamafoni zojambulidwa m'zilankhulo za m'maderawo, ndipo nkhani zake zinali za msonkho, njoka za m'mimba, kukokoloka kwa nthaka ndi kusunga ndalama ku positi ofesi. Kenaka mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, yopangira mafilimu anthu a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, amene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe.

Mukaona mitu imeneyi, mayi, muzindikira kuti zionetserozi sizinali zongosangalatsa anthu. Mmishonale ankafuna akhristu, boma limene likulu lake linali konkuno ku Zomba linkafuna okhoma msonkho ndi alimi omvera malangizo, ndipo makinawo pawokha ankalalikira kuti mzungu ali ndi nzeru zoposa. Komabe uthenga wonsewo unkadutsa pakamwa pa womasulira wachikuda, kawirikawiri mphunzitsi kapena kalaliki, amene ankaima pambali pa nsalu n'kumafotokozera anthu a kwawo, ndipo oonera ankamva zimene iye wasankha kunena.

Ngati kumudzi kwanu kudakali achikulire amene anaonerako kanema wa pa lole m'zaka za m'ma 1950, afunseni kumene nsalu inkapachikidwa, amene ankamasulira, ndi zimene anthu ankakambirana pobwerera kunyumba, ndipo mutilembere kuti tidzasindikize pa tsamba lino.