Kodi Genesis 1:14 ikuloleza kupenda nyenyezi?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akufunsa ngati mawu a pa Genesis 1:14, akuti zounikira zakumwamba zikhale zizindikiro, amatanthauza kuti Ayuda amavomereza kupenda tsogolo ndi nyenyezi. Funsoli ndi lokoma, kungoti ambiri amalitafunira tsaya limodzi.

Wina asakunamizeni kuti Ayuda akale sankalabadira magulu 12 a nyenyezi amene openda tsogolo amagwiritsa ntchito (zodiac). Pansi pa sunagoge wa ku Beth Alpha ku Israyeli, wa m'zaka za m'ma 500, pali chithunzi cha timiyala chosonyeza magulu onsewo atazungulira dzuwa, mayina ake ali m'Chiheberi. Kabuku kakale kachiyuda kotchedwa Sefer Yetzirah kamati Mulungu analenga pogwiritsa ntchito zilembo 22. Zitatu, alef, mem ndi shin, ndizo mpweya, madzi ndi moto. Zina 7 zimaimira masiku a mlungu ndi mapulaneti 7, kuwerengera dzuwa ndi mwezi momwe. Zotsala 12 ndi miyezi ndi magulu a nyenyezi. Pa kalendala yachiyuda, mwezi wa Nisan uli ndi gulu la mwanawankhosa ndi chilembo he, pomwe Tishrei, mwezi wa chiweruzo, uli ndi sikelo ndi chilembo lamed. Apa m'pamene ambiri amapunthwa: makope akale a kabukuka sagwirizana pa nkhani ya chilembo chimene chili cha pulaneti liti. Ndiye tchati cha pa intaneti chokuuzani motsimikiza kuti chilembo chanu ndi chakutichakuti changotola kope limodzi n'kubisa enawo.

Chimene chimandigometsa ine ndi Birkat HaChama, dalitso la dzuwa limene Ayuda amanena kamodzi pa zaka 28. Malinga ndi Genesis, dzuwa linalengedwa tsiku lachinayi, lomwe kwa ife ndi Lachitatu. Potengera chaka cha masiku 365 ndi maola 6, poyambira nyengo ya Nisan pamasuntha ndi tsiku limodzi ndi maola 6 pa masiku a mlungu chaka chilichonse, ndipo pamabwerera pa ola lomwelo la tsiku lomwelo pakatha zaka 28. Anadalitsa pa 8 Epulo 2009, adzadalitsanso pa 8 Epulo 2037. Chaka chenicheni n'chachifupi ndi mphindi pafupifupi 11, n'chifukwa chake mwambowu unatsetsereka mpaka Epulo pomwe usana ndi usiku zimafanana cha pa 20 Malichi. Iwo amadziwa, koma sasintha. Kwa ine umenewu ndi umboni woti cholinga ndi kukumbukira Mlengi.

Nanga tsogolo la munthu?

Mu Talmud, mabuku a ziphunzitso za aphunzitsi achiyuda akale, pa chigawo cha Shabbat 156, Rabi Hanina akuti mazal, nyenyezi ya munthu, imapatsa nzeru ndi chuma. Rabi Yohanan akukana: Israyeli alibe mazal. Kenako pakubwera nkhani ya mwana wamkazi wa Rabi Akiva, amene openda nyenyezi anati njoka idzamuluma pa tsiku la ukwati wake. Usiku umenewo anazika pini yake pa mng'alu wa khoma, m'mawa posolola anatulutsa njoka yakufa, italasidwa m'diso. Atafunsidwa chimene anachita, anati anapatsa wosauka chakudya chake anthu onse atatanganidwa ndi phwando. Maimonides, mphunzitsi wotchuka wachiyuda, ndiye sanapsatire mawu: m'kalata yake ya mu 1194 kwa aphunzitsi achiyuda a kumwera kwa France anati kupenda nyenyezi ndi uchitsiru. Ine ndili kumbali yake, ngakhale katswiri wina wachiyuda, Abraham ibn Ezra, analemba mabuku athunthu a zopendapendazo.

Yankho lanu, achimwene: werengani vesilo mpaka kumapeto. Likutchula nyengo, masiku ndi zaka. Ndi kalendala imeneyo.