Chifukwa chake aliyense maso amakhala pa Pennsylvania

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji chisankho cha pulezidenti wa ku America chikayandikira, nkhani imangokhala ya chigawo cha Pennsylvania. Gwero lake ndi mavoti 19 amene chigawochi chili nawo mu Electoral College, gulu la nthumwi za zigawo zonse limene limasankha pulezidenti. Wopambana m'chigawochi, ngakhale ndi voti imodzi, amakokolola onse 19.

Kuyambira 1992 mpaka 2012 a chipani cha Democrat ankapambanako nthawi zonse. Mu 2016 Trump wa chipani cha Republican adapambana ndi mavoti pafupifupi 44,000 okha. Mu 2020 Biden wa Democrat adachilanda ndi mavoti opitirira pang'ono 80,000, ndipo mu 2024 Trump adachitenganso ndi pafupifupi 120,000, pamene ovota amaposa 6 miliyoni.

Mizinda ya Philadelphia ndi Pittsburgh ndi ya a Democrat, maboma akumidzi ndi a Republican, izi aliyense amadziwa. Chimene chimagamula mlandu n'chakuti kusiyanako kwakula bwanji. Anthu a m'Philadelphia akangochita ulesi kukavota, mavoti akumidzi amawamiza a Democrat.

Chimene chidasintha zinthu kwambiri ndi ntchito. Mafakitale a zitsulo ndi migodi ya malasha zitayamba kutsekedwa, mabanja a anthu apantchito amene kalekale ankavotera a Democrat adatembenuka pang'onopang'ono. Boma la Luzerne lidavotera Obama mu 2012, koma mu 2016 lidapita kwa Trump. Nthawi yomweyo maboma olemera ozungulira Philadelphia, monga Montgomery ndi Chester, amene kale anali a Republican, adapendekera kwa a Democrat. A Democrat uku akutaya, uku akutola.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa kawerengedwe. Lamulo la 2019 lidalola aliyense kuvota kudzera pa positi, koma maenvelopu saloledwa kutsegulidwa mpaka 7 koloko m'mawa wa tsiku lovota. Voti iliyonse imakhala m'maenvelopu awiri, ndipo ikasowa yamkati, votiyo siwerengedwa. Kutsegula mavoti mamiliyoni motere kumatenga masiku. Mu 2020 otsatira a Democrat ndiwo adavota kwambiri pa positi chifukwa cha Covid-19, choncho usiku wa chisankho Trump ankaoneka kuti ali patsogolo, mpaka Loweruka pa 7 November pamene zidadziwika kuti Biden wapambana. Kuchedwako kudachokera ku lamulo lomwelo, osati kubera.

Zotsatira zikayamba kutuluka, musathamangire chiwerengero cha chigawo chonse. Yang'anani maboma a Erie ndi Northampton, amene adavotera Obama kawiri, Trump mu 2016, Biden mu 2020 ndi Trump mu 2024, kenako onani kuti mavoti a pa positi atsala angati m'Philadelphia.