Mabokosi anga akutuluka opindika, kodi vuto ndi dzanja?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene wangoyamba kuphunzira kujambula. Analemba kuti: "Nkhope za anthu ndimazitha, anzanga amayamikira. Koma ndikati ndijambule bokosi wamba, limatuluka ngati katoni yonyowa ndi mvula. Ndajambula mabokosi oposa 30 koma palibe chikusintha. Kodi vuto ndi dzanja langa?"

Achimwene, dzanja lanu lilibe mlandu. Amene akukusokonezani ndi mutu. Mutu umadziwa kuti mbali yakutsogolo ndi yakumbuyo ya bokosi n'zofanana kukula, ndiye umalamula dzanja kuti lizijambule zofanana. Koma diso siliona choncho. Kayang'aneni njanji poongoka. Zitsulo ziwirizo sizikumana paliponse, apo ayi sitima bwenzi itagwa kalekale, koma mukaponya maso kutali zimaoneka ngati zagundana. Mapolo a magetsi m'mbali mwa msewu nawonso amanka nafupika. Nkhani yonse ya perspective, luso loonetsa papepala zinthu zapafupi ndi zakutali monga mmene diso limazionera, yagona pamenepa: mizere yoyenda mbali imodzi ikamapita kutali ndi inu, imaoneka ikuyandikana mpaka kukathera pamalo amodzi. M'mabuku a Chingerezi malowa amawatcha vanishing point, ine ndimangoti pothera mizere.

Tsopano tengani bokosi la machesi muwerenge m'mphepete mwake. Mupeza mizere 12, ndipo ili m'magulu atatu, gulu lililonse mizere inayi: ya m'litali, ya m'lifupi, ndi yoimirira. Gulu lililonse lili ndi pothera pake. Mukamajambula mzere, funso si lakuti "kodi waongoka?" ayi. Funso n'lakuti "anzake atatu aja akuloza kuti?"

Pali chinanso chimene ambiri amadumpha, msinkhu wa maso. Mukaima m'mphepete mwa nyanja, mzere umene madzi amakumana ndi thambo umakhala molingana ndi maso anu. Mukakhala pansi umatsika nanu, mukakwera pathanthwe umakwera nanu. Mzere umenewu uli ponseponse, ngakhale m'chipinda chanu, kungoti khoma limaubisa. Bokosi likakhala pansi pa mzerewu mumaona pamwamba pake, likakhala pamwamba pa mzerewu mumaona kunsi kwake. Ndipo ngati lakhazikika bwino pamalo athyathyathya, mizere ya m'litali ndi ya m'lifupi imakathera pa mzere womwewu. Yoimirira ija mutha kuisiya chilili pakadali pano, imayamba kupendekeka mukamayang'ana chinthu chokweza kapena chotsitsa maso kwambiri.

Musadzione ngati mbuli, zimenezi zinavutapo akatswiri kwa zaka mazanamazana. Ku Florence, m'dziko la Italy, cha m'ma 1420, katswiri wa zomangamanga Filippo Brunelleschi anajambula nyumba yobatiziramo ya mumzindawo pathabwa, n'kuboola kabowo pathabwapo. Munthu ankasuzumira pakabowoko kuchokera kumbuyo, n'kuona chithunzicho pagalasi loonera, ndipo chinkagwirizana ndendende ndi nyumba yeniyeniyo. Mu 1435 Leon Battista Alberti analemba malamulo ake, ndipo anayerekeza chithunzi ndi zenera lotsegula. Zenera limenelo libwerekeni. Ikani katoni panja, inu mukhale m'nyumba, tsinzinani diso limodzi, mutu usagwedere, kenako tsatirani m'mphepete mwa katoniyo ndi cholembera cha maka pagalasi la zenera. Mudabwa kuona mmene pamwamba pake paphwatalalira, komanso mmene mbali yakumbuyo yachepera. Mukamaliza mupukute galasilo, ndisakuyambanitseni ndi eni nyumba.

Tibwere papepala. Yambani ndi ngodya imene ili pafupi kwambiri ndi inu. Kuchokera pamenepo tulutsani mizere itatu, ioneke ngati chilembo cha Y. Mzere uliwonse ukuimira gulu lake. Musanajambule mzere wotsatira, ikani kadontho pomwe mukuganiza kuti ukathere, yendetsani dzanja m'mwamba kangapo osakhudza pepala, muone ngati njirayo ikuweramira pang'ono kwa mnzake woyamba uja. Ngati sikutero, sunthani kadonthoko. Kadontho kolakwika sikaononga chithunzi, koma mzere wolakwika umaononga. Mukakhutira, kokani mzerewo kamodzi, ndi mkono wonse kuchokera paphewa.

Jambulaninso mizere itatu yobisika yakumbuyo, ngati kuti bokosilo ndi lagalasi. Apa m'pamene zolakwa zonse zimakasonkhana, ndipo ngodya yakumbuyoyo imakana kukhala pamalo pake. Zisakukhumudwitseni, inenso imandichitabe chipongwe.

Chimene ndikuganiza kuti simunachite pa mabokosi 30 aja ndi ichi. Mukamaliza bokosi, tengani rula ndi bolopeni yofiira, mutalikitse mizere yonse kulowera kutali, kumbali yomwe bokosi likuthawira, osati kumene kuli inu. Gulu lina mugwiritse ntchito mtundu wina. Mukatero pepala likuuzani lokha. Mizere inayi ikamayandikana pang'onopang'ono, zili bwino. Umodzi ukapatuka n'kulowera kwawo, ndi umenewo unapinda bokosi lanu. Nthawi zina iwiri imakumana msanga, ina iwiri n'kukumana payokha kwina, ndiye kuti munkayang'ana mzere woyandikana nawo wokha n'kuiwala gulu lonse. Ine ndinatha miyezi ndikudzaza kope osachita zimenezi, ndipo bokosi lomaliza linali lopindika chimodzimodzi ndi loyamba.

Samalaninso kuti pothera mizere pasayandikane kwambiri ndi bokosi, chifukwa limasongoka ngati mphuno ya bwato. Pa katoni wamba imene ili patebulo, malo amenewa nthawi zambiri amakhala kunja kwa pepala.

Pa intaneti pali maphunziro aulere otchedwa Drawabox amene amauza ophunzira kujambula mabokosi 250 ndi cholembera chosafufutika. Zacholemberazo ndikugwirizana nazo, chifukwa labala amaphunzitsa munthu kubisa cholakwa m'malo mochiyang'ana. Koma nambalayo isakuopseni. Jambulani asanu patsiku, aliwonse otembenuka mosiyana, muwayeze ndi rula, ndipo musanayambe tsamba latsopano muyang'ane kaye ladzulo. Mukafika pa 50 munditumizire chithunzi cha tsamba loyamba ndi lomaliza, mizere yofiirayo musaifufute.