Yambani ndi .308 achimwene

Achimwene mwafunsa mfuti yoyamba ya nswala ndi njiri, ine ndinganene .308 Winchester kapena .30-06, zipolopolo zake sizivuta kupeza muno mu Lusaka komanso siyimenya phewa kwambiri. .375 H&H isiyeni kaye, imeneyo nja njati, tsiku loyamba kuiwombera ineyo scope, kagalasi koyang'aniramo ka pamwamba pa mfuti, inandigunda pachikope magazi chuu, manyazi okhaokha.

Scope ya 3-9x40, yokulitsa chinthu katatu mpaka ka 9, ndiyokwana, kuthengo kwathu kuno nyama mumaiona pafupi, musataye ndalama pa zikuluzikulu, bola mugule ma mount olimba, zitsulo zomangira scope pamfuti, ndiye muiike zero pa mamita 100, kuti chipolopolo chizigunda pomwe mwaloza, musanapite. Koma poyamba laisensi ya mfuti kupolisi, kenako yosakira ku DNPW, dipatimenti yoona za nyama zakuthengo, ku Chilanga, mapepalawo amatenga nthawi ndithu.