Amayi ako sakuchita ulesi, funsa pamene pakuwawa

Eya, moni nonse pagulu pano. Ndikuyankha iwe mwanangu, uthenga wako wausiku uja ndaumva m'mawa uno. Ndaona kuti ndingojambula mawu, chifukwa kulemba pafoni zala zangazi zimakana. Mundipirire ukatalika.

Wafunsa kuti amayi ako, achemwali anga, chawachitikira n'chiyani masiku ano. Wati tsitsi sakupesa, kusamba mpaka uwakakamize, zikhadabo za kumapazi zatalika mpaka kupindika, ndipo ukawafunsa amangoti "ndisiye, ndichita mawa." Ndiye ukuopa kuti mwina atopa nawo moyo, kapena mutu wayamba kusokonekera.

Mwanangu, munthu ameneyo ndakula naye. Sankatuluka pakhomo asanadzole mafuta, ndipo ife ang'ono ake ankatibweza panjira akaona kolala yapindika. Munthu wotero sasiya ukhondo chifukwa cha ulesi. Ine ndikuona kuti thupi likuwawa, ndipo akuchita manyazi kukuuza. Ndikulankhula monga munthu amene nyamakazi inamulowa m'zala ndi paphewa, ndiye zina ndikuzidziwira m'thupi mwanga momwe.

Tayesa iweyo pompano pamene wakhalapo. Kweza dzanja ufike nalo kunkhongo ngati ukupesa. Waona kuti chigongono chakwera mpaka kufanana ndi phewa, ndipo phewalo latembenuka? Tsopano tsitsa dzanjalo, ulipititse kumbuyo pakati pa msana, pomwe timakolekera kamisolo. Kwa iwe palibe kanthu. Kwa munthu amene phewa lake lauma, dzanja limafika pakhutu n'kuima, ndipo ululu wake umabaya mpaka kutulutsa misozi. Tenganso batani laling'ono la bulauzi. Umaligwira ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kulikankha pabowo. Mphamvu yonseyo imachokera patsinde pa chala chachikulu, ndipo pamenepo ndi pamodzi mwa malo amene nyamakazi imakonda kwambiri, makamaka kwa ife akazi. Batani limaterereka, umayesanso, limatererekanso. Ukafika pa lachitatu watopa, wakwiya, ndipo umangovalanso chovala chadzulo chija chifukwa n'chosavuta kulowa. Wokuona amati wasiya kudzisamala.

Chimene chimachitika m'kati n'chakuti nsonga za mafupa, pamene akumana, zimakutidwa ndi kamnofu kolimba koterera. Zaka zikamapita kameneka kamaperepeseka, fupa limayamba kumera timfundo m'mbali, ndipo n'chifukwa chake umaona zala za anthu achikulire zili ndi timabampu kufupi ndi zikhadabo. Nyamakazi yamtundu umenewu madokotala amaitcha osteoarthritis. Si amayi ako okha ayi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali nayo, ndipo 60 mwa 100 alionse anali akazi. Mtundu umenewu umaumitsa thupi m'mawa, koma pakatha mphindi zosakwana 30 munthu akuyendayenda, limayamba kumasuka. Palinso wina, rheumatoid arthritis, pamene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mfundo za mwini wake. Umenewo umatupitsa zala za manja onse awiri, ndipo kuuma kwa m'mawa kumatha ola lathunthu kapena kupitirira. Uwaonetsetse m'mawa, mwanangu, uone kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti athe kufumbata dzanja. Dokotala adzakufunsa zimenezo, ndipo wachiwiriwu sufuna kuchedwa nawo chifukwa umapotoza zala ukapanda mankhwala ake.

Tsopano kafunsidwe. Usawafunsenso kuti "bwanji simukusamba?" Funso limenelo kwa munthu wamkulu limamveka ngati wamuuza kuti akununkha. Khala nawo pansi muli awiri, uwafunse kuti, "Amayi, mukamasamba ndi pati pamene pamakuvutani kufika?" Akakhala chete usawathamangitse. Kuvomera kwa mwana amene unamusambitsa wekha kuti msana wako sukuufikanso, ndi chinthu cholemera kwambiri. Ine ndiwaimbira madzulo ano, ndiyambe ndi kudandaula za phewa langa, mwina kwa mng'ono wawo angamasuke msanga.

Ndipo akakuuza, chonde usalumphe n'kuyamba kuwachitira zonse. Pamenepa ndikutsindika, chifukwa ndikukudziwa ndiwe wamtima wabwino, ungofuna kuwasambitsa, kuwaveka, kuwapesa. Ayi. Mfundo za thupi zili ngati chitseko chimene chikakhalitsa osatsegulidwa chimachita dzimbiri. Chimene angathe okha achite okha, ngakhale zitenge nthawi. Iwe ntchito yako ndi kupeputsa.

Yamba ndi nthawi. Kusamba m'mamawa thupi lili gwaa ndi chilango. Asambe dzuwa litakwera, atayendayenda pang'ono. Asanayambe chilichonse aviike manja m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo, akufumbata ndi kutambasula zala m'madzimo. Kufunda kumamasula. Uyambe wayesa madziwo ndi iwe, asakhale otentha kwambiri.

Kubafa, chimene okalamba ambiri amaopa ndi kugwa, ngakhale satchula. Pansi pali sopo, mawondo sakudalirika, munthu ali yekha wosavala. Mantha amenewo okha amakwanira kumuletsa kusamba. Uwaikire mpando wolimba wosaterereka kuti azisamba atakhala. Madzi akhale pamwamba pofika dzanja, asamachite kuwerama kapena kunjuta, chifukwa kutsika n'kosavuta koma kudzuka ndiye nkhondo. Pansi pakhale choponda chosaterera. Anyamata inu amene mwangokhala chete pagulu pano, chogwirira chapakhoma ndi ntchito yanu imeneyo, mukhomere cholimba choti munthu atha kuchikoka ndi thupi lonse osazuka. Sopo wa m'manja amapulumuka m'zala zofooka, ndiye umuike m'kathumba kaukonde kokhala ndi chingwe choti azikoloweka padzanja. Zamsana, apatse kansalu kakatali koti agwire mbali iyi ndi iyi n'kumakoka, phewa silifunika kupita kumbuyo. Akamaliza asalimbane ndi kudzipukuta ataimirira, angofunda thaulo lalikulu atakhala, madzi amalowa okha.

Chipeso ndi mswachi vuto lake ndi limodzi, zogwirira zake n'zoonda, ndipo kuti ugwire chinthu choonda zala zimayenera kupindika mpaka kumapeto. Kulunga kansalu pachogwirira, umange bwino mpaka chinenepe ngati dzanja la mwana. Udzadabwa kusiyana kwake. Chipeso ungathenso kuchimangirira ku kamtengo kuti chitalike, chifike kunkhongo dzanja lisanakwere. Popesa akhale patebulo, chigongono atsamiritse pamenepo, mutu ndi umene uziweramira kudzanja. Za kudula tsitsi kuti lichepe ntchito, uwafunse, asankhe okha. Usabwere ndi sizasi utagamula kale. Tsitsi limenelo analisunga moyo wawo wonse.

Zovala, funa zotsegula kutsogolo, za mabatani akuluakulu kapena zalasitiki m'chiuno. Kamisolo akoleke kutsogolo kenako n'kuizunguza. Pazipi ika kamphete ka makiyi kuti azingolowetsa chala n'kukoka. Ndipo pali kalamulo kamodzi kamene a fizo, aja othandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi kuchipatala, amaphunzitsa: povala, dzanja lopweteka liyambe kulowa, povula likhale lomaliza kutuluka. N'kakang'ono koma kamachotsa misozi yambiri m'mawa.

Tsopano zikhadabo za kumapazi, zimene zakudetsa nkhawa zija. Pamenepa pokha ndikuti uwachitire ndithu. Kuti munthu awenge chikhadabo cha kuphazi pamafunika chiuno chipinde, bondo lipinde, msana uwerame, maso aone bwino, zala zifinye chowengera mwamphamvu, zonsezo nthawi imodzi. Pamwamba pa izo, zikhadabo za munthu wachikulire zimakhuthala ndi kuuma. N'chifukwa chake kawirikawiri chimenechi ndi chinthu choyamba chimene okalamba amalephera, ndipo amachibisa m'sokosi. Zikatalika nsapato imawawa, munthu amayamba kuponda mopendekera, kugwa kumayandikira.

Uchite chonchi. Akhale pampando, mapazi aviike m'madzi ofunda mphindi 10 kuti zikhadabo zifewe. Upukute bwinobwino, makamaka pakati pa zala. Uike phazi pamwendo pako pamalo owala. Wenga pang'onopang'ono, kuyambira mbali imodzi kupita inayo, modula mowongoka, osalowa m'makona, chifukwa ukakumba m'mbali chikhadabo chimamera cholowa m'mnofu. Usafupikitse kwambiri. Zotsala upale ndi chopalira. Lezala ayi, ngakhale akuuze kuti ndi yomwe anazolowera. Pomaliza uwadzoze mafuta kuzidendene ndi pamwamba, koma pakati pa zala pakhale pouma. Ndipo usachite ngati ukugwira ntchito ya chipatala. Yamba kuwenga zako uli pambali pawo, kenako unene kuti, "Bweretsani nanunso, madzi akadali ofunda." Muzicheza. Anthu ambiri amalola mosavuta zikabwera choncho.

Koma tamvera apa. Ngati ali ndi matenda a shuga, kapena akumadandaula dzanzi kumapazi, usawenge wekha zikhadabo zokhuthalazo. Shuga amapha mitsempha ya kumapazi, munthu amachekeka osamva, ndipo kachilonda kakang'ono kamatha kukula mpaka kufika poipa. Zikatero apite nazo kuchipatala. Shuga yemweyo amachititsanso kuti phewa liume mosavuta, ndiye ngati sanayezetse posachedwa, akayezetse.

Za mankhwala ndinenepo, chifukwa ndikudziwa achemwali anga amamwa mwakachetechete. Ibuprofen ndi diclofenac amathandiza ululu, inde, koma kumwa tsiku ndi tsiku kwa munthu wachikulire kumabweretsa zilonda za m'mimba, kumawononga impso ndi kukweza BP. Awiriwa asamamwedwenso pamodzi. Ukamva kuti chimbudzi chikutuluka chakuda bii, mwina m'mimba mukutuluka magazi, thamanga nawo kuchipatala. Wamtundu womwewu wopaka pakhungu uja, pabondo kapena pazala, vuto lake ndi lochepa kusiyana ndi wakumwa. Paracetamol nayenso ali ndi malire, munthu wamkulu sapitirira mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku, ndipo kwa wokalamba wochepa thupi dokotala amatha kuchepetsa. Ngati dokotala wawapatsa wakumwa, amwe patatsala kanthawi kuti asambe, kuti pofika kubafa akhale atayamba kugwira. Mukapita kuchipatala upemphe kuti aonane ndi a fizo. Mafizo olimbitsa ntchafu ndi omasula phewa amathandiza kuposa mmene anthu amaganizira, bola kuwachita mosalekeza.

Pali zina zosadikira mawa. Mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, n'kufiira, thupi lonse likutenthanso, tsiku lomwelo kuchipatala. Dzanja likafooka mwadzidzidzi, pakamwa n'kupotoka kapena mawu kumveka molobodoka, imeneyo si nyamakazi, ikhoza kukhala sitiroko. Akagwa n'kulephera kuponda, musawakoke kuti ayende.

Mantha ako aja a mutu sindikuwataya ayi. Kusiya kusamba kumabweranso ndi matenda oiwalaiwala, kumabweranso munthu akavutika maganizo, ndipo ululu wa tsiku ndi tsiku pawokha umafooketsa mtima chifukwa umalanda tulo. Ndiye uone. Ngati wapeputsa zonsezi koma sakusintha, ngati akuiwala kuti asamba kapena ayi, akusochera pa zinthu zimene ankazidziwa, kapena asiya kukondwa ndi chilichonse ngakhale adzukulu, ukamuuze dokotala mosabisa. Koma tiyambe ndi mafupa, chifukwa zimene wafotokozazi, tsitsi, msana, mapazi, onsewo ndi malo ovuta kufika.

Nonse pagulu pano ndikupempheni chinthu chimodzi. Nkhaniyi isakafike kwa iwo ngati tinawakhalira upo. Pasapezeke wowaimbira n'kumati "tamva kuti simukusamba." Amene akufuna kuthandiza afunse mwanayu chimene chikusowa, mpando kapena chogwirira chija.

Iwe mwanangu, ukapeza mpata lero ujambule mapaketi onse a mankhwala amene ali kuchipinda kwawo, ndi aja amabisa m'chikwama omwe, unditumizire kumbali. Undiuzenso ngati shuga ndi BP anayezetsa liti komaliza.